Mpweya Umene Timapuma m'Mizinda Yathu



Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu woyamba anali dothi chabe kufikira pamene Mulungu anamuuzira mpweya m'mphuno. Munthu angathe kukhala masiku ambiri osadya, masiku owerengeka osamwa madzi, koma popanda mpweya sangathe mphindi zingati. Munthu wamkulu amapuma pafupifupi ka 20,000 tsiku limodzi. Madzi a pachitsime akada timakatunga kwina, kapena timawaphitsa. Ufa ukachita nankafumbwe timausefa. Koma mpweya timalandira umene tawupeza pamalo pamene tili, wabwino kapena woipa, ndipo khanda la kumsana limalandira womwewo.

Ndiyambe ndi zimene zinagwera mzinda wa London ku England. Pa 5 December 1952 kunazizira kwambiri ndipo mphepo inaleka kuomba. Anthu anasonkhezera moto wa malasha m'nyumba zawo, mafakitale ndi nyumba zopangira magetsi nazonso zikufuka. Pamwamba pa mzinda panakhala mpweya wofunda umene unatsekereza mpweya wozizira pansi, monga chivundikiro pa mphika, kotero kuti utsi unalibe kothawira. Unasakanikirana ndi nkhungu nukhala pamenepo masiku asanu. Mabasi analeka kuyenda chifukwa madalaivala sankaona msewu. Utsi utachoka, akuluakulu anawerenga maliro okwana ngati 4,000, koma ofufuza a zaka za pambuyo pake anapeza kuti chiwerengero chinafika pafupifupi 12,000. M'chaka cha 1956 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo loyeretsa mpweya.

Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu okhala ku Blantyre, tsiku lina m'mwezi wa June kapena July mudzakwere pang'ono phiri la Ndirande kapena la Soche m'mamawa, mudzayang'ane pansi. Mudzaona chinsalu chotuwa chitayala pamwamba pa madenga. Ambiri amati ndi nkhungu basi. Mbali ina ndi nkhungu ndithu, koma mbali ina ndi utsi wa mbaula zikwizikwi, wa zinyalala ndi mapulasitiki otenthedwa kuseri kwa nyumba, wa minibasi ndi malole okalamba, pamodzi ndi fumbi la misewu yopanda tara. Chivundikiro chija cha ku London chimabweranso kwathu kuno m'nyengo yozizira, ngakhale kuti mphika wathu ndi wocheperapo.

Choopsa chenicheni mu utsi si chimene maso amaona. Muli tinthu tating'ono kwambiri timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndipo timalimina, koma iti timatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. Chifukwa chake matenda ake sathera pa chifuwa, chibayo cha ana ndi mphumu. Utsi umabweretsanso matenda a mtima, kufa ziwalo ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mayi woyembekezera angabereke mwana wochepa thupi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu 4.2 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2022 linalengeza kuti anthu 99 mwa 100 alionse amapuma mpweya wosafika pa muyeso wake. Imfa zotere zilibe phokoso. Pamaliro timati bambo uja anadwala mtima, agogo aja anatha ndi chifuwa, ndipo si kawirikawiri ayi kuti wina atchule utsi. Nthawi zina, ndinene mosabisa, timayamba kuloza zala nkhalamba ya pafupi kuti ndiyo yalodza.

Ku London komweko mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu wa magalimoto ambiri anamwalira ndi mphumu m'chaka cha 2013. Mayi ake sanatope kufunsa, ndipo m'chaka cha 2020 wofufuza za imfa anagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zimene zinamupha mwanayo. Zinatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti mawu amenewo alembedwe pa pepala.

Tsono ndani amapuma utsi wambiri? Si amene ali m'galimoto yotseka mawindo ayi. Ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mnyamata woitanira minibasi pa depoti, wa kabaza amene amapalasa kumbuyo kwa lole, ndi mwana wopita ku sukulu amene mphuno yake ili pafupi ndi paipi yotulutsa utsi kuposa mphuno ya wamkulu. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, ananena za zomwezi, kuti osauka ndiwo amayamba kudwala pamene mpweya waipitsidwa. Ine sindingaime pano kudzudzula mayi amene amaphikira makala, pamene magetsi sanafike pakhomo pake, kapena amazima nthawi yophika, ndipo gasi ndi wokwera mtengo. Koma mwini minibasi amene amadziwa kuti injini yake ikufuka ngati uvuni wa njerwa, nasunga ndalama yokonzetsera, akupindula ndi mapapo a anzake, ndipo nkhani imeneyo ndi yoyenera kukaitula kolapa.

Pali phunziro lina limene linachokera kwathu konkuno. Ofufuza anagawa mbaula zamakono zosafuka kwambiri ku mabanja a ku Chikwawa ndi ku Karonga, natsata ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa chaka cha 2016, ndipo zinadabwitsa ambiri: chibayo cha ana sichinachepe. Chimodzi mwa zifukwa zimene anaganizira n'chakuti mwana sapuma utsi wa kukhitchini kwa mayi ake kokha. Amapumanso wa zinyalala zimene zikupsa ndi wa moto wa anansi. Ngati zinali choncho kumudzi kumene nyumba ndi zotalikirana, nanga bwanji ku Mbayani kapena ku Kawale kumene khoma la wina ndi khoma lako? Mbaula yabwino ili ndi phindu lake, imapulumutsa nkhuni ndi ndalama, koma banja limodzi lokha silingayeretse mpweya wa m'dera.

N'chifukwa chake ndikutembenukira kwa inu aphunzitsi a mpingo ndi atsogoleri a miphakati. Pa msonkhano wanu wotsatira, mukatha mapemphero, funsanani kuti zinyalala za m'dera lanu zimapita kuti, ndani amazitentha, ndipo nthawi yanji. Masamba ndi makoko angakwiriridwe kuti asanduke manyowa. Za mapulasitiki ndi matayala pitani pamodzi kwa khansala wanu, pakuti kuchotsa zinyalala ndi udindo wa khonsolo ya mzinda. Ndipo ife ansembe tiyambe ndi pabwalo pa tchalitchi, pamene Loweruka lililonse timasesa n'kuyatsa mulu wa masamba ana a katekisimu ali chikhalire pambali.

Chomaliza ndi cha usiku uno womwe. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo mwina sadzukanso. Kukazizira, otherani moto wanu, koma musanatseke chitseko kuti mugone, tulutsani mbaula panja.