Mtengo wa Mkuwa ndi Udindo wa Otilamulira



1. Mkuwa umakumbidwa ku Chingola, Mufulira ndi Solwezi, koma mtengo wake umakhazikitsidwa kutali, pa msika wa London Metal Exchange. Umakwera ndi kutsika potsata zofuna za mafakitale, makamaka a ku China, dziko limene limagwiritsa ntchito kuposa theka la mkuwa woyengedwa pa dziko lonse. Komabe pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a ndalama zimene Zambia imapeza pogulitsa katundu kunja amachokera ku mkuwa. Motero msikawo ukagwedezeka, ndi mbale ya m'mphawi imene imayamba kugwa.

2. Mbiri yatiphunzitsa kale. Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalengeza kuti boma litenga magawo 51 mwa 100 a migodi. Mtengo utagwa mu 1975, tidayamba kukongola poyembekeza kuti ukweranso msanga. Migodi ya ZCCM idamaliza kugulitsidwa mu 2000, mtengo uli pansi pa madola 2,000 pa tani. Pofuna kukopa ogula, boma lidavomera m'mapangano obisika msonkho wa pa miyala wa 0.6 peresenti yokha. Pofika 2006 mtengo udapitirira madola 8,000, koma thumba la boma lidalandira zochepa. Msonkho wa phindu lopyola muyeso, umene boma la Levy Mwanawasa lidakhazikitsa mu 2008, udachotsedwa mu 2009. Mu 2011 mtengo udadutsa madola 10,000, koma mu Novembala 2020 dziko lidalephera kubweza ngongole zake.

3. Mu 2024 mtengo udapitirira madola 11,000, popeza magalimoto oyendera magetsi ndi nthambo za magetsi zikufuna mkuwa wambiri. Tisasangalale mopanda nzeru. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi lidaphulika ku Chambishi, asidi nalowa mu mtsinje wa Kafue. Nsomba zidafa, minda idaonongeka, ndipo mipopi ya ku Kitwe idatsekedwa. Kodi zimenezi zimawerengedwa pa mtengo wa ku London?

4. Msikawo sitingaulamule, koma mapangano ndi kasungidwe ka chuma zili m'manja mwathu. Tsono tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pangano lililonse la mgodi lidutse ku Nyumba ya Malamulo ndipo lisindikizidwe poyera. Chachiwiri, malamulo a msonkho asamasinthe nthawi iliyonse pamene boma lasintha. Chachitatu, gawo la ndalama za zaka zabwino lisungidwe mwalamulo, monga mlimi wanzeru atseka nkhokwe pa nthawi ya masika pokumbukira mwezi wa njala.

5. Kwa inu nzika tikuti: afunseni aphungu anu za ndalama zimenezi, ndipo musatope. Mkuwa ukakumbidwa sumeranso ngati chimanga, ndipo ana amene sadabadwe ali ndi gawo lao. Makolo athu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Tiyeni timve pamene nthawi ikadalipo.