ZIMENE ANAPEZA MADOTOLO A PA MULAGO

Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Mau amenewa anaoneka kuti ngoona pa Mulago, cipatala cacikulu ca ku Kampala m'dziko la Uganda, kumene ana a sukulu ya Makerere amaphunzira udotolo. Pa cipatala cotere madotolo sangociritsa odwala cabe, komanso amafufuza magwero a nthenda, yense m'cigawo cace.

M'caka ca 1957 Dr. Hugh Trowell anaitana mnzace wa opaleshoni, Denis Burkitt, kuti adzaone mwana wotupa nsagwada. Posacedwa Burkitt anaonanso mwana wina wotero, ndipo anayamba kufunafuna m'mabuku a cipatala. M'caka ca 1958 analemba za ana 38 odwala nthendayi. Anzace opima minofu ya odwala anatsimikiza kuti cotupaco ndi mtundu wa khansa.

Tsono funso linali lakuti: kodi nthendayi ipezeka kuti? Burkitt anatumiza makalata ku zipatala za boma ndi za mishoni. M'caka ca 1961 iye ndi madotolo awiri a mishoni anayenda pa galimoto mamailosi ngati 10,000 kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, nafunsa m'zipatala zoposa 50. Anapeza kuti nthendayi icuruka ku maiko otentha ndi a mvula yambiri, koma isowa ku mapiri ozizira. Pambuyo pace kunadziwika kuti malo amenewo ndi omwewo kumene malungo savuka m'midzi caka conse.

Caka comweco Burkitt analankhula za nchito yace ku London. Mmodzi wa omvera, Anthony Epstein, anapempha kuti azimtumizira tizidutswa ta zotupazo. M'caka ca 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kanali kosadziwika kale. Lero akatswiri abvomerezana kuti malungo obwerezabwereza afoketsa thupi la mwana, ndipo kaciromboko kapeza mpata.

Cokondweretsa koposa ndi ici: madotolo a ku Uganda ndi ku Kenya anayesa mankhwala, ndipo zotupa zazikulu zinaphwa, ana ena nacira ndithu popanda mpeni.

Nanga mphunzitsi wa kumudzi zimkhudza bwanji? Cotupa cimeneci cikula msanga kwambiri, ndipo cikonda ana a msinkhu wa m'makalasi oyamba. Mphunzitsi aona nkhope za ana m'mawa uli wonse poitana maina. Akaona tsaya likutupa, mano akugwedera, kapena mimba ikukula modabwitsa, asayembekeze kuti sukulu itsekere. Apite kwa makolo tsiku lomwelo, awafotokozere mofatsa kuti si ufiti ai, nawalimbikitse kuthamangira ku cipatala. Mwana wofika msanga ali ndi mwai waukulu wakucira. Wocedwa ambiri amtaya.