MLENDO NDI MAME

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za phwando lina la anthu a ku maiko ozizira. Musafulumire kutseka wailesi ndi kunena kuti, "Nanga zimenezo zitikhudza bwanji ife?" pakuti nkhani yathu idzayamba pamwamba pa phiri la ku Ulaya, koma idzathera kwathu kwa Luembe, m'mbali mwa Luangwa.

Ku maiko amenewo, nyengo ya cisanu ikafika, kumwamba sikugwa madzi ai. Kugwa zinthu zoyera zonga ufa, zozizira kopambana, zimene m'mabuku athu zichedwa cipale cofewa. Cipaleco ciunjikana pa mapiri kufikira munthu angathe kumira mpaka m'cuuno. Tsono eni dziko anapeza njira yoyendera pamwamba pace. Amanga timatabwa tiwiri tatitali ku mapazi, natenga ndodo ziwiri m'manja, natsetsereka kucokera pamwamba pa phiri kufikira kunsi ndi liwiro longa la galimoto. Timatabwato ati ski. Anyamata ambiri akonda thabwa limodzi lalikulu lochedwa snowboard, limene aimapo ndi mapazi onse awiri, opanda ndodo. Masewera a thabwa limodzili analowa m'mipikisano ya Olympic m'caka ca 1998, ku Nagano m'dziko la Japan.

Tiyeni tione mudzi umodzi wochedwa Ischgl, m'dziko la Austria. Kale unali mudzi wa alimi osauka oweta ng'ombe. M'caka ca 1963 anamangako cingwe ca citsulo cokwezera anthu pa phiri m'tinyumba tolendewera. Inu a ku migodi mudziwa keji imene mutsikira nayo pansi. Kwao kuja keji ikwera kumwamba. Eni mudziwo safika 2,000, koma kuyambira kumapeto kwa November kufikira masiku oyamba a May alendo adzaza nyumba zonse, ndipo ophika, ocapa, oyendetsa magalimoto ndi ophunzitsa masewera apeza nchito.

Dzuwa likayamba kutentha ndi cipale kusungunuka, acita phwando lotsekera nyengo. Anthu zikwizikwi akwera pa phiri, pamalo otalika mamita ngati 2,300, kukamva oimba omveka; m'caka ca 1995 anaimba kumeneko Elton John. Ku Canada, pafupi ndi Banff, acita mwina: m'mwezi wa May akumba dziwe kunsi kwa phiri, ndipo anyamata ndi atsikana obvala zoseketsa atsetsereka ndi liwiro kuti aoloke dziwelo pamwamba pa madzi. Ambiri agweramo, khamu ndi kumaseka. Ngakhale muno m'Afirika masewerawa alipo. Ku Lesotho, kwao kwa Asutu amene makolo athu anagwira nao nchito ku migodi ya ku Joni, kuli malo ochedwa Afriski pa mapiri a Maloti, ndipo nyengo yao ndiyo June, July ndi August.

Koma cimene ndifuna kuti mugwire ndi ici: m'mawa mwace mwa phwando, alendo onse apita. Mahotela ambiri atseka zitseko, anchito a ganyu amanga katundu wao. Atsala ndani? Atsala mwini mudzi. Cipale cija cisanduka madzi, madzi ameretsa msipu, ndipo pa matsitso omwe aja alendo anali kusewera, mlimi akwera ndi ng'ombe zace kukadyetsa. Cimene kwa mlendo ciri kutha, kwa mwini dziko ndico ciyambi ca nchito.

Tsopano tibwere kwathu. Mukacoka ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, nimuoloka ulalo wa Luangwa, mufika pa Nyimba, paja mugula nthoci pa zenera la basi. Boma limeneli liri ndi mafumu anai: Mfumu Yaikulu Luembe, Ndake, Nyalugwe ndi Mwape. Dziko la Luembe litsikira ku cigwa ca Luangwa, ndipo tsidya lija la mtsinje kuli thengo losungiramo nyama lochedwa West Petauke Game Management Area. Cigwa cimeneci naconso ciri ndi nyengo yace ya alendo. Anayamba zimenezi ndi Norman Carr, amene m'caka ca 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu, kumtunda kwa mtsinje womwewu, kuti atsegule msasa wa alendo odzaona nyama, ndi kuti ndalama zace zithandize anthu a mfumuyo. Lero alendo adza m'cilimwe, ena kudzajambula nyama, ena kudzasaka ndi cilolezo ca boma, ndipo gawo la ndalama za cilolezoco liyenera kubwerera kwa eni dziko kupyolera m'makomiti a m'midzi. Anyamata athu apeza nchito yolondola mapazi a nyama, yosenda zikopa, yophika ndi yomanga misasa ya udzu ndi bango.

Kwa Azungu aja cotseka nyengo ndi dzuwa. Kwathu cotseka nyengo ndi mvula. October akafika, cigwa citentha kupitirira madigiri 40, nyama ziunjikana pa madzi otsala, ndipo mitambo iyamba kusonkhana. Mvula ikagwa mu November, dothi lakuda la m'cigwa lisanduka phala, galimoto iliyonse ititimira, mitsinje imene inali mcenga wokhawokha idzala, ndipo misasa yambiri ipasulidwa kufikira caka ca mawa. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Malipiro a miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ayenera kudyetsa banja caka cathunthu, ndipo wanzeru ndiye amene asandutsa malipirowo mbeu, khasu ndi mbuzi asanathere pa mowa.

Nafenso tiri ndi msonkhano wathu wa pa nthawi yomweyi. M'mwezi wa October Ansenga asonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, m'boma la Petauke, pa mwambo wa Tuwimba. Dzinali licokera ku tinyumba topereka nsembe, timene Acewa ati tiakacisi. Pamenepo anthu ayamika cifukwa ca zokolola za caka cimene capita, napempha mvula yabwino ya caka cimene cirinkudza. Ng'oma zilira, akazi abvina, abale otayana aonana. Koma taonani kusiyana kwace: phwando la pa phiri lija litsazika alendo, pamene mwambo wathu uitana eni dziko kuti akonzeke. Munthu akacoka ku Tuwimba sapita kukagona. Apita kukasosa m'munda.

Apa ndipo nkhani ifika kwa inu, abale anga a m'tauni. Ambiri a ife tizolowera kukumbuka kumudzi pa Krisimasi. Titumiza citenje, shuga ndi nsapato za ana, ndipo nzabwino ndithu. Koma pa Krisimasi cimanga ca mnansi ciri kale m'maondo, ndipo amai anu amene analibe mbeu pa mvula yoyamba ataya mwezi wathunthu. Kwacha imene ifika mu October iposa makwacha awiri ofika mu December, pakuti yoyambayo ilowa m'nthaka, pamene enawo alowa m'mphika. Masiku ano palibenso kudikira kalata kapena munthu wopita kumudzi. Ndalama iyenda pa foni tsiku lomwelo.

Kumbukirani caka ca 2024. Pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, pakuti pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Inu a m'tauni munaciona cilalaco pa mtengo wa thumba la ufa, ndi pa magetsi amene anali kuzima cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Munda wa kwa Luembe ndi mbale ya ku Kitwe nzolumikizana. Cakudza siciimba ng'oma. Cifukwa cace potumiza ndalama, uzani a kumudzi kuti agule mbeu yoca msanga, ndi kuti asasiye mapira, nyemba ndi nshawa, zimene makolo athu anali kubzala kuti pokana cimodzi cinzace cipulumutse banja.

Ndipo amene mungathe kupempha cuti, pemphani ca mu October. Tengani ana anu amene anabadwira m'komboni, akaone Luangwa ali wouma, akamve ng'oma za kwao, akagwire khasu ngakhale masiku atatu okha. Mukafika kumudzi musakhale ngati alendo aja ongodza kudzaona ndi kujambula. Inu ndinu eni dziko, ndipo mvula imene itseka mseu wa mlendo ndiyo yomwe idzadzaza nkhokwe ya amai anu.

Nkhani yanga yathera pamenepa.