KAWONGOLEDWE KA AKASINJA NDI MAGALIMOTO A NKHONDO

Lero tikambirane za m'mene asilikali amawongolera akasinja ndi magalimoto ena a nkhondo okutidwa ndi chitsulo. Kwa anthu a ku Dowa nkhaniyi ndi ya pakhomo, popeza ku Mvera, kufupi ndi msewu wotsikira ku Salima, kuli kambi ya asilikali a Support Battalion.

Tiyambe ndi ngolo. Mlimi wa ku Ntchisi akafuna kuti ngolo ikhotere kumanzere, ng'ombe ya kumanzere imafupikitsa phazi pamene inzake ikupitirira. Kasinja amakhota chomwecho. Iye alibe matayala otembenuka. Amayenda pa matcheni aŵiri monga katapila wokonza misewu, ndipo tcheni imodzi ikachedwa, chitsulo chonsecho chimapotolokera mbali imeneyo.

Kunena nkosavuta. Akasinja oyamba, otchedwa Mark I, analoŵa m'nkhondo pa 15 September 1916 ku Somme m'dziko la France, ndipo mwa anthu 8 a m'katimo, anayi anali a ntchito yoyendetsa: dalaivala, mtsogoleri amene ankagwira mabuleki, ndi aŵiri osintha magiya a tcheni iyi ndi iyo. Phokoso la injini linali logonthetsa m'kutu, kotero kuti ankauzana zochita pomenya chitsulo ndi kukweza zala. Mu 1918 munabwera Mark V, wokhala ndi magiya amene anakonza Walter Wilson, ndipo munthu mmodzi anayamba kuyendetsa yekha. Dzina la Wilson mulisunge, tikumana nalonso.

Akasinja ambiri akale ankawongoleredwa ndi ndodo ziŵiri zachitsulo. Mukakoka ya kumanzere pang'ono, tcheni ya kumanzere imamasuka ku mphamvu ya injini. Mukakokeratu, buleki imaigwira. Pa chigwa zimenezi zilibe vuto. Koma taganizani za mtsetse wonga ya m'mapiri a Dowa. Potsika, injini sikoka ayi, ndiyo imene imaletsa galimoto kuthamanga. Tsono tcheni imene mwaimasula, m'malo mochedwa, imayamba kuthamanga koposa inzake, ndipo kasinja amene mumafuna apite kumanzere amaloŵera kumanja, mwina kumene kuli phompho. Dalaivala wa makina otere ankayenera kudziŵa kuti pa mtsetse dzanja lake limagwira ntchito mosemphana. Akasinja a pambuyo pake anachotsa ngozi imeneyi: magiya ake amapatsa mphamvu matcheni onse aŵiri nthaŵi zonse, nkumangosiyanitsa liŵiro. Leopard 2 wa ku Germany ali ndi chiwongolero, pamene M1 Abrams wa ku America ali ndi zogwirira zonga za njinga yamoto.

Kuno kwathu magalimoto amene anadziŵika ndi a matayala anayi, monga Ferret ndi Fox ochokera ku Britain. Ferret inapangidwa ndi kampani ya Daimler kuyambira 1952 mpaka 1971. Dalaivala amakhala pakati kutsogolo, injini ili kumbuyo, ndipo chiwongolero chake nchopendekeka mosiyana ndi cha galimoto wamba chifukwa cha kuchepa kwa malo. Magiya ake ndi a mtundu winanso umene anatulukira Wilson uja. Dalaivala amasankhiratu giya ndi dzanja, koma giyayo siloŵa mpaka ataponda chopondera cha kumanzere. Motero poyandikira chitunda amakhala atasankha kale giya yaing'ono, manja onse ali pa chiwongolero, phazi lokha nkumalizitsa. Wozoloŵera lole amachiyesa kilatchi chopondera chimenechi, ndipo akachiponda mwamantha chimatha kubwerera mwaukali nkumupweteka mwendo.

Chimene ine ndimachiyesa chanzeru koposa nchakuti Ferret ili ndi magiya 5 opita kutsogolo ndi omwewo 5 obwerera m'mbuyo. Ntchito ya galimotoyi ndi kukazonda adani. Ikakumana nawo pa kanjira kopapatiza, phiri uku chigwa uku, nthaŵi yotembenuka palibe. Imachoka chafutambuyo mwaliŵiro. Pamenepo dalaivala, amene zitseko zikatsekedwa amaona kudzera m'timagalasi tating'ono, amadalira mawu a mtsogoleri wokhala pamwamba.

Fox, imene inayamba ntchito m'gulu la nkhondo la Britain m'zaka za m'ma 1970 ndi kugulidwanso ndi Malaŵi ndi Nigeria, inatengera magiya a mtundu womwewo, koma inapatsidwa injini ya Jaguar ndi mfuti yaikulu ya mamilimita 30. Mfutiyo pamodzi ndi chipinda chake zinaika kulemera pamwamba, monga ngolo yopachiridwa mabelo a fodya mopitirira muyeso, ndipo Fox inatchuka ndi kugubuduzika ikakhota mwaliŵiro. Asilikali a Britain anaipumitsa m'zaka za m'ma 1990.