Mafuwa a Agogo Ndiwo Sukulu Yoyamba



Mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amayamba kuphika ku masanje, chimanga chitakololedwa, amayi ake atampatsa kamphika, kaufa ndi kamchere. Ngakhale nsimayo ikhale yosapsa bwino, agogo amatema mbamu, nadya, namuyamikira. Chikondi cha kumafuwa chimabadwira pamenepo.

Agogo omwewo ndiwo amasunga nzeru zosalembedwa m'buku: kutendera nkhwani ndi nsinjiro, kucheza chidulo, kufutsa masamba ndi kuwamanga m'zikwatu za masamba a msuku kuti ndiwo zisasoŵe m'chilimwe. Mvula ikagwa, amatsogolera adzukulu kukazula bowa ku Dzalanyama, nawasonyeza wodyedwa ndi wakupha. Kulakwitsa pamenepa ndi maliro.

Koma bowa wambiri amamera pamizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba. Nkhalango imeneyi, imene inatetezedwa ndi lamulo mu 1922, yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, kotero kuti mu 2015 Boma linatumizako asilikali. Nanga makalawo amapita kuti? Amabwera ku Lilongwe, pa mbaula zathu zomwe. Tikamaphikira makala a ku Dzalanyama, ndiye kuti tikutentha ndiwo zimene agogo akadaphunzitsira ana athu.

Choncho tiyeni tichepetse makala m'nyumba mwathu. Ndipo tchuthi chikafika, tumizani ana kumudzi, atsikana ndi anyamata omwe, akagwire mthiko agogo akali moyo.