Mowa ndi Ciwindi Catsopano

Usiku uno tikambe za ciwindi. Ciwindi ndico cimasefa zoipa m'mwazi. Koma munthu akamwa kacasu zaka zambiri, cimauma ndi kucita zipsera. Pamenepo maso asanduka acikasu, mimba itupa ndi madzi, ndipo ena asanza mwazi.

Kodi madotolo angathe kuikamo cina? Inde. Dr. Thomas Starzl anayamba kuyesa nchitoyi ku Denver, ku America, mu 1963, ndipo lero icitika ngakhale ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Koma ziwindi nzosowa, mtengo wake ngwaukulu, ndipo wodwalayo ayenera kumwa mankhwala moyo wake wonse kuti thupi lisacikane. Zipatala zambiri zifunanso kuti ayambe waleka mowa, kawirikawiri miyezi 6.

Tsono imvani cokondweretsa: ciwindi cisanaume, cikhoza kucira cokha mukaleka kumwa. Koma wozolowera kumwa tsiku ndi tsiku asaleke yekha mwadzidzidzi, pakuti angakomoke ndi kuphupha. Apite ku cipatala akamthandize. Ndipo mukaona maso acikasu mwa mbale wanu, musazengereze. Tsalani bwino.