Namwino Akhala Bwanji Dokotala?

Mwandipempha kuti ndinene za ana athu aakazi amene ali anamwino ndipo afuna kufika pa digiri yapamwamba ija ya PhD.

Namwino akatenga PhD amatchedwa Dokotala, koma sikuti tsopano ayamba kuchita maopaleshoni ayi. Udokotala wake ndi wa kufufuza. Amatenga funso limodzi lomsautsa m'wodi, monga lakuti, chifukwa ninji amayi ena apakati amafika kuchipatala mochedwa? Funso limenelo amalilondola zaka 3 kapena 4, nthaŵi zina kupitirira. Asanafunse munthu ndi mmodzi yemwe, ayenera kuloledwa ndi komiti yoteteza anthu ofunsidwawo. Pamenepo amayenda m'zipatala ndi m'midzi, naŵerenga, nalemba buku lalikulu, ndipo potsiriza amakhala pamaso pa omuyesa kuyankha pa zonse analembazo. Munthu safika apa molumpha. Ayambe watenga digiri yoyamba, ya zaka 4, kenaka ya Masters.

Njirayi ena anaipita kale. Mayi Address Malata, namwino ndi mzamba, anatenga PhD ku Edith Cowan University ku Australia. Anatsogolera Kamuzu College of Nursing, imene inatsegulidwa mu 1979 ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi College of Medicine kukhala yunivesite ya KUHeS. Mu 2016 iwo anakhala Vice-Chancellor wa MUST ku Thyolo, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'Malaŵi muno.

Tsopano ndinene ndi ife eni ake. Podzafika pa PhD, namwino kaŵirikaŵiri amakhala ali pabanja, ana ali m'manja, mwinanso akugwirabe ntchito usiku. Chimamgwetsa ulesi si mabuku okha, komanso pakamwa pathu ife amayi ake ndi apongozi ake. "Kodi sukulu yakoyo siitha? Nanga mwamuna adya chiyani?" Akalephera kufika pa chinkhoswe chifukwa akulemba, timati wayamba matama. Zimenezi ine sindizivomera. Yankho limene akufunalo lidzapulumutsa mwana wa mnzako pa uchembere, kapena wako yemwe.

Ndipempha chinthu chochepa. Amene muli ndi mwana kapena mpongozi wotere, mtengereni adzukulu Loŵeruka, kuyambira m'maŵa kufikira madzulo, kuti akhale pa tebulo alembe. Ndipo mulankhule ndi bambo wa pakhomopo ulendo usanayambe, makamaka ngati sukuluyo ili kunja kwa dziko.